Mawu Amene Amagula Ngolo

Munthu amene anayendapo m'njira zotsika kumapiri a Ntchisi kulinga ku Mponela kapena ku Madisi m'miyezi ya Juni ndi Julaye, chimanga chitalowa m'nkhokwe ndipo ndalama za fodya zitayamba kufika m'midzi, adzakumbukira kuti anakumanapo ndi amuna awiri kapena atatu atavala zovala zawo za ku tchalitchi, akukusa ng'ombe zapagoli zosakoka kanthu, nkhope zawo zili ndwii monga anthu opita kukaweruza mlandu. Amenewo ndi ogula ngolo. M'moyo wa mlimi wa kuno, tikachotsapo malata a nyumba ndi ng'ombe zenizenizo, palibe chinthu china chimene amatulutsira ndalama zambiri pa tsiku limodzi koposa ichi; ndipo nkoyenera, pakuti ngolo ndiyo imatuta manyowa kupita kumunda ndi chimanga kubwera kumudzi, imanyamula njerwa, mchenga ndi mabelo a fodya, imathamangira kuchipatala ndi mayi wodwala pakati pa usiku, ndipo tsiku la chisoni ndi yomweyo imene imabwera ndi bokosi.

Dzina lake lenilenilo ndi mlendo amene anakhazikika. Azulu amati inqola, Ashona amati ngoro, ife timati ngolo; ndipo akuluakulu ena amati gareta, liwu lochokera kwa Apwitikizi. Abale athu amene anakhalako ku Johannesburg amasimba za ngolo zina zokokedwa ndi galimoto, zokhala ndi kama ndi mbaula m'kati mwake, zimene mabanja olemera amagula kuti azikagonamo akapita kukapumula kutchire. Koma kumeneko mtengo umalembedwa papepala ndi kumatidwa pagalasi, pamene kuno mtengo wa ngolo umakhala m'kamwa mwa mmisiri, ndipo sutulukamo wonse nthawi imodzi. Pa chifukwa ichi pali mawu akeake a ntchito imeneyi, amene mwana wa mlimi ayenera kuwadziwa monga adziwira mayina a mbewu.

Liwu loyamba ndi lalikulu mwa onse ndi kunenerera. Tsinde lake ndi kunena. Tikalitalikitsa pang'ono tipeza kunenera, kumene kunatipatsa mneneri, munthu wolankhula m'malo mwa wina wamkulu. Tikalitalikitsanso tipeza kunenerera, ndiko kulankhula mobwereza ndi mopembedza kuti mtima wa mnzako ufewe. Pabwalo la milandu munthu amanenerera mbale wake wolakwa kuti chindapusa chichepe, ndipo pamalonda amanenerera thumba lake. M'malo onse awiri liwuli lilibe mkangano m'kati mwake, lili ndi kupempha. Amene amaganiza kuti kunenerera ndi kulimbana, kuti wina agwe wina aime, sanalimvetse liwuli, ndipo ine ndawaonapo otere akubwerera kwawo ndi ndalama zawo m'thumba, ng'ombe zili patsogolo osakoka kanthu, chifukwa mmisiri anaona kuti kuli bwino kusagulitsa kusiyana ndi kunyozeka pamaso pa ana ake a ntchito.

Ndiye chifukwa chake nkhani ya mtengo siyamba ndi mtengo. Wogula amafika, nalonjera, nafunsa za kunyumba ndi za mvula ya chaka chino. Ngati sadziwana amafunsana mfunda, kuti wina akhale aPhiri, wina aBanda kapena aMwale, ndipo kaŵirikaŵiri zimapezeka kuti agogo a uyu anakwatira kumudzi kwa uyo. Pokhapo mpamene maso amatembenukira ku katundu, popeza akale anati malonda ndi m'maso. Ngolo za masiku ano zimamangidwa pa ekiselo ndi matayala a galimoto zakufa, ndipo wodziwa sayamba ndi penti, ngakhale iŵale chotani, pokumbukira chikomekome cha nkhuyu chimene m'kati muli nyerere. Amagwada pansi nayang'ana mmene awotcherera zitsulo. Amanyamula mbali imodzi nazunguza tayala, khutu lili tcheru kumvera mabering'i ngati akulira. Amakanda thabwa ndi chikhadabo kuti adziwe ngati ndi bulugama wouma kapena paini wamuŵisi amene adzapindika mvula ikangoyamba. Amagwedeza mtanda wokokera umene umafika pagoli, pakuti ukathyoka pamtsetse, ng'ombe ndizo zimayamba kupweteka. Wa kuchigwa cha Bua, kumene dziko lili see, angathe kulekerera zina mwa izi. Koma wa m'mapiri a Kongwe, wa kwa Nthondo kapena kwa Kasakula, kumene njira imatsika ngati ikugwera m'chitsime ndi kukweranso tsidya linalo, sangathe, chifukwa phiri silimva kunenerera.

Pano pali mwambo wina wosalembedwa umene ndimaulemekeza kwambiri: wogula ali ndi ufulu wotchula zofooka za katundu, koma alibe ufulu wonyoza dzanja limene linapanga. Anganene kuti, “Tayala ili latha mano, bambo, silifika ku Malomo,” ndipo mmisiri adzavomera kapena adzatsutsa mwamtendere. Koma akanena kuti, “Inu simudziwa ntchito,” malonda athera pomwepo.

Kenaka limabwera funso, ndipo limabwera mozungulira. “Nanga mwanayu mukumuti bwanji, aPhiri?” Mmisiri amatchula mtengo woyamba, umene onse awiri akudziwa kuti si womaliza. Wogula amagwira pakamwa, nakhala chete kanthaŵi, ndipo kukhala chete kumeneko ndi mbali ya chilankhulo. “Mwatchula ngati mukugulitsa kwa mlendo, achimwene, chotsaniko, ndife anthu a konkuno.” “Chitsulo chakwera, bambo, ngakhale ndodo zowotcherera ndagula modula ku Lilongwe. Koma nenani zimene mwatenga.” Mawu awiri amayenda pa malonda otere, kuchotsako ndi kuwonjezerako, ndipo onse ali ndi kachidutswa kameneka ka -ko kumapeto, kamene kamachepetsa pempho kuti lisamveke ngati lamulo. Wina akutsika pang'ono, wina akukwera pang'ono. Zikalimba, wogula amapempha kuti aonane kaye kumbali ndi amene wabwera naye, amene nthaŵi zambiri ndi malume ake kapena mnansi wodziwa ngolo, ndiye mkhalapakati wake, ndipo ngati mtengo sunafikebe, amanena mawu amene amatsekula khomo lotulukira popanda manyazi: “Ndikawauze kaye mayi a kunyumba.” Ena amayesa kuti mawuwa ndi chinyengo chabe chofuna kuopseza wogulitsa, koma m'dziko lino, kumene munda umene unabala ndalamazo kaŵirikaŵiri ndi wa mkaziyo, mawuwa ndi oona.

Aŵerengi a Buku Lopatulika, limene linasindikizidwa lathunthu mu 1922 ndipo ntchito yaikulu yolimasulira inagwiridwa ndi William Murray wa mishoni imene inayambira pa Mvera, m'dziko la Chiwere, mu 1889, sadabwa ndi kayendedwe kameneka, pakuti anakaona kale m'nkhani ya Abrahamu pogula phanga la Makipela. Efroni, mwini munda umene munali phangalo, anayamba ndi kunena kuti aupereka kwaulere, ndipo pambuyo pake, monga mongodutsa, anatchula masekeli 400 a siliva; Abrahamu anamva chimene chinali pansi pa ulemuwo, nayesa ndalamazo pamaso pa anthu a pachipata. Agogo athu pomva nkhaniyi m'tchalitchi sanafune wowamasulira.

Tsono ndifuna kunena chifukwa chimene mwambo umenewu uli wa mtengo wapatali kwa mlimi wa Dowa ndi Ntchisi makamaka. Munthu ameneyu wakhala zaka pafupifupi zana limodzi akugulitsa thukuta lake pa mtengo umene sanautchule yekha. Boma la atsamunda linakhazikitsa Native Tobacco Board mu 1926 kuti ilamulire kalimidwe ndi misika ya fodya wa anthu akuda. Mu 1971, chaka chomwe kwacha inalowa m'malo mwa paundi, ADMARC inayamba kugula mbewu za alimi pa mitengo yoikika kale. Ndipo lero, fodya wake akafika ku okushoni ya ku Kanengo kapena ku Chinkhoma, ogula amadutsa m'mizere ya mabelo mofulumira, natchula mtengo m'madola a ku America, mwini fodyayo ali chiimire ngati mlendo pa ukwati wa mwana wake. Soya ndi mtedza nazo zimapita kwa mavenda amene amabwera ndi sikelo yawo ndi mtengo wawo. Pa feteleza sanenerera, pa fizi ya sukulu sanenerera, m'sitolo zazikulu sanenerera. Koma pabwalo la mmisiri wa ngolo amakhala pa mpando, amafunsidwa zimene watenga, ndipo liwu lake limasuntha mtengo. Ndikamuona akuchedwa pamenepo theka la tsiku chifukwa cha ndalama zochepa, sindimuyesa woumira. Ndimaona munthu amene akumva kukoma kwa kuŵerengedwa.

Mawu ena a pamalondawa anabwera m'masutikesi a makolo athu ochokera kumigodi ya kumwera m'masiku a Wenela. Kudula, m'tanthauzo la kukwera mtengo, ndi limodzi. Basera ndi lina, ndiko kuti kanthu kowonjezera kamene wogulitsa amapereka malonda atatha. Pa tomato basera ndi tomato mmodzi, koma pa ngolo angakhale chubu chakale chosungira, mabauti angapo, girizi wa m'kachitini, kapena lonjezo lakuti chitsulo chikang'aluka mwezi woyamba adzawotcherera kwaulere. Basera sapemphedwa mtengo usanamveke. Wopempha msanga amaonetsa kuti ali kale ndi ndalama zokwanira.

Mawu oopsa ndi a ngongole. Chikole ndi ndalama kapena chinthu chimene wogula amasiya kuti ngolo isagulitsidwe kwa wina, kapena kuti mmisiri ayambe kuipanga. Ndipo nzosangalatsa kuti ndi liwu lomwelo limene mnyamata amatchulira mphatso imene wapereka kwa mtsikana wofuna kumukwatira, popeza m'zonse ziŵiri munthu wamanga mawu ake ndi chinthu chogwirika. Chiwongoladzanja ndi liwu laulemu, lonena kuti dzanja limene linatambasuka kukukongoza liyenera kuwongoledwa. Katapila ndi m'bale wake wankhanza, amene amatapa ndi kutapanso kufikira nkhokwe itaoneka pansi. Pinyolo ndi pamene wasiya njinga kapena wailesi m'manja mwa wokukongoza. Amene amagula ngolo ndi katapila, podalira fodya amene akali m'chigafa, aiwala kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Masiku ano mmisiri nayenso amaopa ngongole kuposa kale, chifukwa mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo amene analandira chikole pa mtengo wakale anakagula chitsulo pa mtengo watsopano, mpamba wake nuthera m'ngolo ya mwini.

Mpamba ndi phindu ndi mawu amene wogula ayenera kuwakumbukira ngakhale ali mbali inayo. Malume anga ena, munthu wa pakamwa potsetsereka, ananenerera ngolo mpaka mmisiri, amene mwana wake anali m'chipatala sabata imeneyo, anavomera mtengo wongotaya. Anabwera kumudzi mokondwa, koma agogo aakazi atamva mmene zinayendera anangoti, “Mwamudyera masuku pamutu mwana wa eni.” Ngoloyo inali yoti aimalize, ndipo mmisiri, posoŵa pogwira, anaimaliza ndi zitsulo zopyapyala; ngoloyo inagwira ntchito chilimwe chimodzi, ndipo mvula yachiŵiri inaipeza itagona chammbali pamtsetse wa kudambo, matumba a feteleza ali m'madzi. Sindinena kuti mmisiriyo anachita bwino. Koma amene anamukankhira kumeneko ndi malume anga, ndipo pamaliro onse a m'deralo anthu aŵiriŵa ankakhala motalikirana.

Mtengo ukamveka, ndalama siziperekedwa mobisa. Zimaŵerengedwa poyera, kaŵiri, wina aŵerenge wina abwereze, pamaso pa mboni. Ndipo lero, popeza ambiri amadziwa kulemba, amalembanso kapepala kokhala ndi mayina, tsiku, zimene zaperekedwa ndi zimene zatsala. Kapepalako kamagwira ntchito ina imene ogula ambiri saiganizira tsikulo. Mwamuna wokhala pachikamwini, amene wagula ngolo ndi ndalama za fodya wolimidwa m'munda wa mkazi wake ndi manja a ana ake, akadzamwalira abale ake angathe kubwera kudzanena kuti ngoloyo ndi ya mbumba yawo, pamene mkazi ndi ana akuti ndi ya pakhomo pawo. Ndipo anyakwaŵa ndi mafumu a kwa Dzoole, kwa Chakhaza ndi kwa Kalumo amadziwa kulemera kwa milandu yotere. Chifukwa chake mlimi wanzeru amatchula pamaso pa mbonizo, ndalama zisanachoke m'dzanja lake, kuti ngolo iyi akugulira yani.

Zitatha izi amagwirana chanza, wogula nati, “Zikomo, aPhiri, mwatisunga,” mmisiri nayankha kuti, “Pitani bwino, bambo, ikavuta mubwere nayo.” Anyamata amakweza goli pa makosi a ng'ombe, namanga mtanda, ndipo ulendo wokwera kumapiri umayamba dzuwa litapendeka, malume a wogula ali m'ngolo pa thumba la mchere limene agula ndi ndalama zotsala, mwini wake akuyenda pansi pambali pa tayala lakumanzere, akumverabe mabering'i.