Tanthauzo la Mawu Akuti Path Direction

Mawu akuti path direction, omwe amapezeka m'mapulogalamu ojambulira monga Inkscape ndi Adobe Illustrator, amatanthauza kolowera kwa mzere, ndiko kuti kumene mzerewo unayambira ndi kumene ukukathera. Pa mzere wamba maso saona kusiyana kulikonse kolowerako kukatembenuzidwa, koma kompyuta imasunga timadontho ta mzerewo motsatana, kuyambira koyamba kufikira komaliza, ndipo kukhota kwa pakati pa timadonthoto imakuwerengera ndi masamu amene Pierre Bézier, injiniya wa kampani ya Renault, anawatchukitsa m'zaka za m'ma 1960.

Kufunika kwa kolowerako kumaonekera mzere ukapatsidwa kunenepa kosinthasintha, monga pojambula mchira wa mphaka, umene umayamba wonenepa n'kukathera kosongoka. Kolowera kukatembenuzidwa, kusongokako kumasamukira kutsinde, mchira n'kuoneka ngati wamera cham'mbuyo. M'zithunzi zoyenda vutoli limakula, pakuti pulogalamu ikamasandutsa chojambula china kukhala chinzake imalumikiza kadontho koyamba ndi koyamba kanzake, choncho mizere iwiri yolowera kosiyana imapotana pakati pa ulendo, ndipo wojambula wosamala amayamba wafananitsa kolowera asanayendetse chilichonse.