Rutland: Kadera Kamene Kadakana Kumezedwa

Madzulo ano tikambirana za Rutland, dera la kumidzi pakati pa dziko la England, ndi mmene anthu ake adalimbikirira kudziyendetsera okha zinthu zao.

Rutland ndi kadera kochepa ndithu, mailosi 18 mulitali ndi mailosi 17 mulifupi. Matauni ake ndi aŵiri okha, Oakham ndi Uppingham. Kwina konseko ndi midzi, minda ndi mabusa a nkhosa. Pa kalembera wa 2021 mudapezeka anthu oposa pang'ono 41,000.

Lamulo la 1888 lidakhazikitsa makhonsolo osankhidwa ndi anthu m'zigawo zazikulu za England, ndipo Rutland, ngakhale idali yochepa, idalandira khonsolo yakeyake mu 1889. Lamulo lina la 1894 lidabweretsa makhonsolo ang'onoang'ono a kumidzi. Rutland idagaŵidwa m'madera atatu otere: Oakham, Uppingham ndi Ketton. Makhonsolowo adali kusamalira madzi, ukhondo ndi timisewu ta m'midzi, kenaka ndi kumanga nyumba zobwereketsa. Ndalama zake zidali kuchokera pa msonkho wa nyumba ndi malo, ndi thandizo la boma la ku London.

Vuto lidagona pamenepo. Anthu ochepa amapereka msonkho wochepa, chikhalirecho sukulu, apolisi ndi misewu ikuluikulu zimadya ndalama zambiri. Nchifukwa chake bungwe loona za malire lidapereka ganizo lakuti Rutland ilumikizidwe ndi Leicestershire, chigawo chachikulu choyandikana nayo. Anthu adakana kwamtuwagalu, ndipo mu 1963 boma lidagonja.

Koma chimwemwe chao sichidakhalitse. Lamulo la 1972 lidakonzanso makhonsolo a England yense, ndipo pa 1 April 1974 Rutland idasanduka gawo chabe la Leicestershire. Khonsolo ya ku Oakham idatsala ndi ntchito za nyumba, kutaya zinyalala ndi kupereka zilolezo zomangira. Nkhani za sukulu, misewu ndi chisamaliro cha okalamba zidayamba kugamulidwa kwina.

Paja akulu adati kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka. Kwa zaka 23 anthu sadaleke kudzitcha a ku Rutland, ndipo sadaleke kupempha. Pa 1 April 1997 deralo lidabwezeredwa udindo wake, khonsolo imodzi niyamba kugwira ntchito zonse zimene kale zidagaŵikana paŵiri. Komabe apolisi ndi ozimitsa moto adapitiriza kukhala amodzi ndi a Leicestershire, poti kuchepa kuja kudali kusadathe.

Nkhaniyi idadzukanso mu December 2024, pamene boma lidalengeza kuti makhonsolo atsopano a mtundu umenewu azisamalira anthu okwana 500,000 kapena kuposerapo. Rutland siifika ndi limodzi lomwe la magawo khumi a chiŵerengero chimenecho.

Tsono funso nali, omvera. Khonsolo yaikulu imagula zinthu motsika mtengo, nikhoza kulemba akatswiri ntchito. Khonsolo yaing'ono, khansala wake mumakumana naye pamsika, ndipo mlatho umene mukudandaula amaudziŵa chifukwa iyenso amaolokapo. Anthu a ku Rutland adasankha chachiŵirichi, nalola kusenza mtolo wake. Inu mukadasankha chiti?