Msewu wa Dexter Avenue ku Montgomery

Msewu wa Dexter Avenue, mumzinda wa Montgomery ku Alabama, ndi waufupi moti woyenda wapansi amaumaliza m'mphindi zochepa. Umayambira pa Court Square, pomwe kale ankagulitsirapo akapolo ngati ziweto. Pamalo omwewa, pa 1 Disembala 1955, mayi wakuda dzina lake Rosa Parks anakwera basi, ndipo atakana kusiyira mzungu mpando anamangidwa. Chifukwa cha izi, anthu akuda ananyanyala mabasi kwa masiku 381. Ambiri ankapita kuntchito wapansi, kaya kugwe mvula kaya kuzizire, mpaka Khoti Lalikulu litagamula kuti tsankho la m'mabasi n'losemphana ndi malamulo.

Chakumtunda kuli tchalitchi cha njerwa zofiira cha Dexter Avenue Baptist, kumene Martin Luther King Jr. anali m'busa kuyambira 1954 mpaka 1960. M'chipinda chake chapansi ndimo atsogoleri a anthu akuda anakumana pa 2 Disembala 1955 kuti akonze kunyanyalako.

Msewuwu umathera pa nyumba ya malamulo ya Alabama, pomwe Jefferson Davis analumbirira mu 1861 kutsogolera madera oikira kumbuyo ukapolo. Pakhomo pomwepo, pa 25 Malichi 1965, panathera ulendo wa makilomita 87 wochokera ku Selma, wofuna ufulu wovota.