Miyala ya ku Médoc

Munda wodzala miyala ife timaunyoza: khasu limabuntha, cimanga cimapinimbira. Ine monga mphunzitsi ndimakonda mbiri ya Médoc, dera la kumpoto kwa mzinda wa Bordeaux ku France, cifukwa kumeneko miyala ndiyo inalemeretsa anthu.

Kale mbali yaikulu ya Médoc inali dambo lodyetserako ziweto. M'zaka za m'ma 1600, akatswiri ocokera ku Netherlands anakumba ngalande nacotsa madziwo. Timitunda ta nsangalabwi, zimene mitsinje inakokolola kalekale ku mapiri a Pyrenees, tinayamba kufikirika, ndipo olemera a ku Bordeaux anagula malowo nabzala mipesa.

Mpesa sufuna madzi oima. Pa nsangalabwi mvula imalowa msanga, motero mizu imazama kwambiri pofuna cinyezi. Masana miyala imatentha, usiku imabweza kutenthako, ndipo mphesa za Cabernet Sauvignon, zimene zimacedwa kupsa, zimapsa bwino. Popeza nthakayo ilibe conde, zipatso zimakhala zazing'ono, za khungu lokhuthala. Khungulo ndilo limapatsa vinyo kufiira ndi mphamvu. Akakhala watsopano amaumitsa m'kamwa ngati nthoci yosapsa. Akakhala m'botolo zaka 10 kapena 20 amafewa, ndipo odziwa kulawa amamvamo zipatso zakuda ndi fungo la pensulo yongosongola kumene.

Mu 1855, Mfumu Napoleon III anafuna kuonetsa vinyo wa ku Bordeaux pa cionetsero ca ku Paris. Amalonda anaika vinyo wofiira m'magulu asanu poyang'ana mitengo yake. Pamwamba panali minda inayi: Lafite, Latour, Margaux, ndi Haut-Brion ya ku Graves. Mouton Rothschild inadikira mpaka 1973 kuti ilowe m'gulu loyambalo.

Koma ulemuwo unatsala pang'ono kutha. Kuyambira m'ma 1860, kacirombo kochedwa phylloxera, kocokera ku America, kanadya mizu ya mipesa m'dziko lonse la France. Alimi anapulumuka polumikiza mipesa yao pa zitsa za mipesa ya ku America, zimene kacirombo sikatha kuzipha. Mpaka lero vinyo wodula wa ku Médoc waima pa mizu yobwereka.

Acinyamata inu, wina akadzakuuzani kuti malo a agogo anu kumudzi ndi miyala yokhayokha, agulitsidwe, yambani mwafunsa kuti ndi mbewu iti imene sinayesedwepo.