Za Nthenda Yaikuru ndi Mankhwala Ace m'Dziko la Thyolo

Pa caka cino ca cikondwerero, powerenga zaka za misioni yathu, sitiyenera kuiwala nthenda imene inatha anthu ambiri m'midzi ya Khonjeni ndi m'makomboni a minda ya tiyi. Tilemba izi kuti ana athu adziwe umo nthendayo inadzera, ndi umo inathyokera mphamvu.

Wodwala Edzi woyamba m'Malawi anapezedwa m'caka ca 1985. M'zaka zotsatira maliro anacuruka, ndipo othyola tiyi amphamvu analefuka, nasiya ana amasiye m'manja mwa agogo. Ena anaturuka mawanga akuda pamiyendo ndi m'kamwa, miyendo niitupa. Ndiyo khansa imene Moritz Kaposi, dokotala wa ku Vienna, anailongosola m'caka ca 1872. Popeza mawangawo sabisika, odwala anacita manyazi, nadzitsekera m'nyumba, anansi nawasala monga kale anasala akhate. Koma m'caka ca 1994 Yuan Chang ndi Patrick Moore a ku New York anapeza kacirombo kena kobala khansayi, kamene kagonjetsa munthu pamene HIV yafoketsa citetezo ca thupi lace. Potero tidziwa kuti si ufiti, kapena temberero ai.

M'caka ca 1997 madokotala a Médecins Sans Frontières anayamba nchito m'boma la Thyolo pamodzi ndi Unduna wa za Umoyo. Kuyambira 1999 odwala cifuwa cacikuru anayesedwa mwazi, ndipo opezedwa ndi HIV anapatsidwa bakitirimu. Ofufuza naona kuti imfa zinacepa. M'caka ca 2003 ma ARV anayamba kuperekedwa pa cipatala cacikuru ca Thyolo, ndipo m'caka ca 2004 Boma linayamba kuwagawa kwaulere m'dziko lonse. Caka comweco Pulezidenti Bakili Muluzi anaulula poyera kuti mbale wace anafa ndi Edzi, ndipo ambiri analimba mtima.

Koma madokotala anali owerengeka, ulendo wa ku cipatala unali wautali, ndipo waganyu akajomba tsiku ataya malipiro ace. Cifukwa cace nchito yopereka mankhwala inapatsidwa kwa anamwino ndi othandiza madokotala m'zipatala zazing'ono za kumidzi. Ndipo pofika 2007 unyinji wa iwo osowa mankhwalawo anawalandira. Ofufuza anaonanso cinthu coyenera ife kucisunga: odwala amene anayenderedwa ndi anthu odzipereka a m'mudzi mwao anafa ocepa koposa iwo opanda owayendera. M'caka ca 2012 anatengera ku Tete mwambo wa timagulu ta anthu osapitirira asanu ndi mmodzi, momwe mmodzi akatengera anzace mankhwala mosinthana. Taonani, kagulu kotere sikatheka pakati pa anthu obisirana.

Tsono, abale okondedwa, ndi inu makamaka akatekisti, nchito siinathe. Mankhwala agoneka kacirombo, koma sakacotsa m'thupi. Woleka kumwa adzadwalanso. Woona mawanga apite msanga ku cipatala, pakuti ma ARV pamodzi ndi mankhwala a khansa athandiza koposa nthenda isanafalikire. Amai nawonso akayesedwe khansa ya khomo la ciberekero, imene igwira kawiri kawiri iwo ali ndi HIV. Poyendera midzi musapitirire khomo la wodwala, ndipo pakati pathu pasamveke mau akumcititsa manyazi. Pakuti manyazi anaika m'manda ambiri amene mankhwala akadawapulumutsa.