Sukulu ya Abambo Andevu ku Domasi

Agogo anga aakazi ankakonda kunena kuti ku Domasi anapitako ngati katundu wa amuna awo, koma pobwera anali ndi singano, sikelo ya makanda m'mutu, ndi mkwiyo pa aliyense wopanda chimbudzi. Ndili mwana ndinkangoti ndi nthabwala za nkhalamba. Ndinazimvetsa nditakhala ndekha pa benchi ya ku Domasi komweko, imvi zitayamba kale.

Sukulu m'chigwa cha Domasi inayamba ndi mishoni ya Asikotishi a ku Blantyre, imene Alexander Hetherwick anadzakhazikitsa mu 1884 m'dera la mfumu Malemia, pansi pa mapiri a Zomba ndi Malosa. Imeneyo inali ya ana. Ya akuluakulu inadza kumapeto kwa zaka za m'ma 1920, boma la atsamunda litatsegula Jeanes Training Centre ndi thandizo la ndalama za bungwe la Carnegie. Dzinalo ndi la Anna Jeanes, mayi wa ku Philadelphia amene mu 1907 anapereka chuma chake kuti chitukule masukulu akumidzi a anthu akuda kummwera kwa America. Nzeru zake zinatsetsereka mpaka ku Kabete ku Kenya, kenako kuno.

Ku Jeanes sankafuna anyamata. Ankafuna munthu wamkulu, wapabanja, amene wagwirapo kale choko, ndipo ankabwera ndi mkazi ndi ana omwe. Banja lililonse linkapatsidwa kanyumba ndi kamunda. Agogo aamuna, omwe kwawo ankangodziwa kuyimbitsa ana alifabeti ndi katekisimu, anakhala zaka ziwiri akuphunzira kulima mizere yopingasa phiri, kukumba zimbudzi, kupala matabwa ndi kuyendera masukulu a anzawo. Anachoka ali mphunzitsi, nabwerera ali mlangizi wa zonse, ntchito imene ngakhale dzina lake kumudzi kunalibe. Agogo aakazi nawo anali m'kalasi mwawo: kusoka, kusamala makanda, kuphika phala losakaniza nsinjiro. M'zaka za m'ma 1930 mafumu nawonso anayamba kuitanidwa ku maphunziro a miyezi yochepa. Tangoganizani mfumu imene anthu amaiwombera m'manja ikudzutsidwa ndi belu.

Sindikuti zonse zinali zachifundo. Azunguwo ankafuna munthu wakuda aphunzire zomusunga kumudzi, osati zomutengera ku ofesi, ndipo ophunzira ambiri a nthawiyo anaziona msanga. Koma chinthu chimodzi anachidziwa bwino: bambo wa ana asanu sungamuphunzitse ntchito yatsopano uku mtima wake uli pa nkhokwe imene waisiya kwawo.

Ine ntchito yanga yatsopano inandigwera mu 1994. Ndinali kalaliki pa kampani ina ku Limbe kwa zaka 17, mpaka tsiku limene anatiitana mmodzimmodzi n'kutipatsa envulopu. Ndinali ndi zaka 41. Chaka chomwecho boma la Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale, ana ochokera pa 1.9 miliyoni n'kufika pafupifupi 3 miliyoni, ndipo aliyense wokhala ndi satifiketi ankatha kupatsidwa choko. Tinalowa ambiri: makalaliki, ogulitsa m'masitolo, ena obwerera ku migodi ya ku Joni omwe anasowa chochita bungwe lowalemba ntchito la TEBA litatsekedwa. Tsiku loyamba ndinaima pansi pa mtengo wa mango ndi ana oposa zana, bolodi litatsamira pa thunthu, ndipo manja anga ozolowera mabuku a ndalama analemba mzere wopita kumwamba ngati njira ya ku Ku Chawe. Ana a Sitandade 2 sabisa kuseka.

Pepala la uphunzitsi ndinalipeza kudzera mu pulogalamu yophunzitsa aphunzitsi ya MIITEP. Kenako masukulu ophunzirira patali a MCDE atasanduka masekondale a m'madera, ma CDSS, ife a ku pulayimale tinakankhidwira kumeneko kukaphunzitsa za sekondale zimene ena tinali titaziiwala. Domasi College of Education, imene inatsegulidwa mu 1993, ndiyo inatitola kuti tipeze dipuloma, tikuphunzira tili kuntchito. Tinkabwera pa holide, n'kubwerera ndi mitolo ya mabuku oti tikawerenge pa koloboyi. Wotiphunzitsa masamu anali wamng'ono kwa mng'ono wanga. Ankanditchula kuti "bambo" asanandiuze kuti ndalakwa, ndipo ulemuwo ndi umene unkapweteka kwambiri.

Kanyumba ndi kamunda za ku Jeanes ife sitinazione. Mayi a kunyumba anatsala ndi ana ndi ngongole, akuoda mpunga wa ku Chilwa n'kumagulitsa pa mbale pa msika wa Songani kuti ndipeze ya minibasi ndi sopo. Tsiku lina holide isanathe anabwera kudzandiona, atasenza kathumba ka mbatata. Ndinawazungulitsa pasukulupo, ndikuwafotokozera kuti agogo ankakhala cha kuno, mkazi ndi mwamuna onse m'kalasi. Anayang'ana nyumba zogona ophunzira, natula mbatata ija pansi.

"Nanga langa kalasi lili kuti?" anandifunsa.