Eosalmo driftwoodensis

Eosalmo driftwoodensis ndi nsomba yamakedzana ya m'madzi opanda mchere imene inatha kalekale. Ili m'banja la Salmonidae, momwe mulinso nsomba za trout ndi salmon. Mwa zotsalira zonse za nsomba za m'banjali zimene zafukulidwa, za Eosalmo zili m'gulu la zakale kwambiri. Inkakhala m'nyanja za kumadzulo kwa North America zaka pafupifupi 50 miliyoni zapitazo, m'nyengo imene asayansi amaitcha Eocene.

Kupezeka kwake

Mafupa ake anapezeka m'miyala ya ku Driftwood Canyon, pafupi ndi tauni ya Smithers m'chigawo cha British Columbia ku Canada. Katswiri wa nsomba zakale, Mark Wilson, ndiye anaifotokoza ndi kuipatsa dzina mu 1977. Mawu akuti “eos” ndi a Chigiriki ndipo amatanthauza m'bandakucha. Mafupa ena anapezekanso kufupi ndi Republic, m'boma la Washington ku United States.

Nsomba ikafa inkamira n'kukwiririka m'matope osalala a pansi pa nyanja. Patapita zaka zambirimbiri matopewo anauma n'kusanduka mwala, ndipo chithunzi cha mafupa ndi zipsepse chinatsalira m'kati mwake.

Zimene mafupawa akusonyeza

M'miyalayi munapezeka nsomba zazing'ono ndi zikuluzikulu zomwe. Izi zikusonyeza kuti Eosalmo inkaswana, kukula ndi kufera m'madzi opanda mchere. Salmon zambiri za masiku ano zimaswana m'mitsinje koma n'kukakulira m'nyanja yamchere. Choncho asayansi ambiri amaona kuti banjali linayambira m'madzi opanda mchere, ndipo khalidwe lopita kunyanja yamchere linabwera pambuyo pake.

Kufalikira kwa trout

Nsomba za m'banjali zimafuna madzi ozizira, ndipo kwawo kwenikweni ndi kumpoto kwa dziko lapansi. M'nyengo zimene madzi oundana anakuta madera ambiri a kumpoto, trout zinafika kum'mwera kwambiri. Kutayamba kutentha, zinatsalira m'mitsinje ya m'mapiri okha. N'chifukwa chake mpaka lero trout zachilengedwe zimapezeka m'mapiri a Atlas ku Morocco ndi Algeria, komanso m'mapiri a Sierra Madre Occidental ku Mexico.

Kum'mwera kwa chipululu cha Sahara kunalibe trout zachilengedwe. Za m'mitsinje ya pa Zomba, Mulanje ndi Nyika ku Malawi zinachita kubweretsedwa ndi anthu m'nthawi ya atsamunda.